Mwana Wobadwa ndi Mkono Wolefuka: Kodi Lamulo Linena Ciani?

Pa ana 1,000 obadwa, mmodzi kapena awiri amatuluka m'cikuta ali ndi mkono umodzi wosagwira nchito. Khanda lotere likagona, mkono wina uli kugwedezeka monga acitira makanda onse, koma winawo uli lende m'mbali mwa thupi, cigongono cili coongoka, ndipo cikhatho capenya kumbuyo monga ca munthu wofuna kulandira kanthu mobisa. Amai aona zimenezi tsiku loyamba kapena laciwiri posambitsa mwana, ndipo pamenepo mafunso ayamba. Abale ena achula ufiti. Ena akumbukira mau akale akuti mkazi akabvutika pocira ndiye kuti iye kapena mwamuna wake sanayende bwino, ndipo banja liyamba kulozana zala pa nthawi imene liyenera kugwirizana. Enanso anena kuti dotolo kapena mzamba anakoka mwana moipa, ndipo afuna kudziwa ngati lamulo lingathe kuwathandiza. Nkhani ya lero ili yoyankha anthu omaliza awa. Koma oyamba aja nawonso achere khutu, pakuti cimene cipweteka mkono wa khanda cidziwika bwino, ndipo si ufiti, si cigololo.

M'khosi mwa munthu, mbali iyi ndi iyo, mumatuluka mitsempha isanu yocokera m'kati mwa pfupa la msana. Iyi si mitsempha ya magazi ai, koma ija yoyera yonyamula mau ocokera ku ubongo, monga waya wa telefoni anyamula mau ocokera ku Lusaka kuwafikitsa ku Chipata. Mitsemphayi ilukana pansi pa phewa ngati ukonde, nitsikira ku mkono kufikira ku zala. Madotolo aicha brachial plexus. Tsono mwana pobadwa, mutu ndiwo utsogola, mapewa natsata. Koma nthawi zina mutu utatuluka, phewa likodwa kuseri kwa pfupa la kutsogolo la ciuno ca mai. Apa nthawi ili yocepa ndithu, cifukwa cingwe ca mcombo cingathe kupanikizika, mwana nasowa mpweya. Mutu ukakokedwera kumbali mwamphamvu, phewa lili cikodwere, mitsempha ija ikokeka kupyola muyeso, ndipo ina iduka kumene. Waya akaduka, mau safika. Mkono ulipo wathunthu, koma sumva cimene ubongo uli kunena.

Bvutoli si la anthu osauka okha. Mfumu yotsiriza ya Germany, Wilhelm II, inabadwa mobvuta ku Berlin m'caka ca 1859, madotolo ochuka ataizinga, ndipo mkono wake wamanzere unakhala waufupi ndi wofooka moyo wake wonse. Dotolo wa ku Germany komweko, Wilhelm Erb, ndiye anafotokoza m'caka ca 1874 malo amene mitsempha ibvulalira, ndipo kufikira lero kupuwala kumeneku kuchedwa ndi dzina lake.

Makolo adziwe poyamba kuti ana ambiri otere amacira m'miyezi yoyamba, makamaka ngati mai aphunzitsidwa ku cipatala kaongoledwe ndi kapindidwe ka mkono tsiku ndi tsiku kuti mfundo zisaume. Koma mwana akafika miyezi 3 kapena kupitirira pang'ono osatha kupinda cigongono kuti dzanja lifike kukamwa, afunika kuonedwa ndi akatswiri, pakuti pali opareshoni yolumikiza mitsempha, ndipo icita bwino mwana akali wamng'ono. Khoti likhoza kudikira miyezi ingapo, koma mtsempha sudikira.

Tsono za lamulo. Cinthu cobvuta kucilandira kwa kholo losweka mtima ndi ici: mkono wolefuka pa wokha si umboni wakuti wina analakwa. Madotolo apeza kuti mitsempha ija ingathe kubvulala popanda wina kukoka, cifukwa ca mphamvu ya mimba yokha pokankha mwana, ndipo alipo ana ena obadwa nalo bvutoli ngakhale anabadwa pa opareshoni. Oweruza adziwa zimenezi. Lamulo silipereka ndalama cifukwa ca tsoka, koma cifukwa ca kusasamala. Wodandaula ayenera kusonyeza kuti cipatala cinali ndi udindo wosamala mai ndi mwana, cimene sicibvuta. Kuti anchito ake sanacite monga anayenera. Ndiponso kuti kulakwa kumeneko ndiko kunapweteka mwana. Milandu yambiri imafera pa ziwiri zomalizazi.

Kodi oweruza, amene sanaphunzire za mankhwala, adziwa bwanji kuti dotolo sanacite monga anayenera? Muyeso wake unaikidwa ku London m'caka ca 1957, pa mlandu wa munthu wina dzina lake Bolam. Iye anali kudwala nthenda ya maganizo, ndipo ku cipatala ca Friern anampatsa mankhwala a magetsi osayamba ampatsa mankhwala ofewetsa thupi. Thupi lake linagwedezeka koopsa, nathyoka mafupa a m'ciuno. Woweruza McNair anafotokoza kuti dotolo sakhala wolakwa ngati wacita monga momwe gulu lodalirika la madotolo anzake odziwa nchitoyo likanacitira, ngakhale alipo madotolo ena amene akanacita mwina. Bolam anagonja. Kuyambira pamenepo muyeso umenewu unafalikira m'maiko ambiri otsata malamulo a Angelezi, ndipo makhoti a Zambia nawonso augwiritsa nchito pa milandu ya m'zipatala.

Muyesowu uli ndi nzeru zake, pakuti dotolo woopa khoti pa ciliconse sangagwire nchito. Koma uli ndi coipa cake coonekeratu: madotolo akhala ngati oweruza a madotolo anzawo. Cifukwa cake m'caka ca 1997, pa mlandu wochedwa Bolitho, oweruza akulu a ku Britain anaonjezapo kuti maganizo a akatswiriwo ayenera kukhala omveka ndi oimika pa nzeru. Ngati sali otero, khoti likhoza kuwakana.

Pa mlandu wa phewa lokodwa, mafunso a khoti amakhala a zinthu zogwirika. Kodi mzamba anaitana anzake msanga? Kodi miyendo ya mai inapindidwira pamimba mwamphamvu kuti njira itseguke, monga aphunzitsa m'sukulu za azamba? Kodi wina anakanikiza pamwamba pa pfupa la cinena kuti phewa limasuke? Kapena anakanikiza pamwamba pa mimba, cinthu coletsedwa pa nthawi yotere cifukwa cikodwetsa phewa koposa? Kodi mutu unakokedwa bwino, kapena unapotoledwera pansi ndi mphamvu? Zonsezi zicitika m'mphindi zowerengeka, ndipo mai amene ali m'zowawa saona zambiri. Cotero mboni yaikulu imakhala mapepala amene azamba ndi madotolo analemba usiku umenewo. Njira imeneyi, yoimba mlandu manja a dotolo, ili yotsetsereka, ndipo ambiri agwa nayo.

Koma ilipo njira yaciwiri imene mabanja ambiri saiganizira. Iyo sifunsa cimene manja a dotolo anacita, koma cimene pakamwa pake sipananene. Amene anaitsegula ndi mai wina wa ku Scotland, dzina lawo Nadine Montgomery.

Omvera amene anaphunzira mbiri ya David Livingstone akumbukira kuti iye anabadwira ku Blantyre, m'dera la Lanarkshire. Pafupi ndi pamenepo pali tauni ya Bellshill, ndipo m'cipatala ca azimai ca kumeneko Mai Montgomery anabala mwana wawo woyamba, wamwamuna, pa 1 October 1999. Iwo anali aafupi, mafiti 5 ndi pang'ono cabe, ndiponso anali ndi nthenda ya shuga. Mkazi wodwala shuga kawirikawiri abala mwana wamkulu, wa mapewa otakata, ndipo khoti linauzidwa kuti pa akazi otere 100, akazi 9 kapena 10 aona bvuto la phewa lokodwa. Dotolo wawo, amene nayenso anali mkazi, anadziwa ciwerengero cimeneci. Mai Montgomery anamuuza kuti ali ndi nkhawa ndi kukula kwa mwana. Koma dotoloyo sanachule za phewa, ndipo sanakambe nawo za opareshoni ngati njira ina imene akanatha kusankha.

Pa tsiku lobala, coopedwa cija cinacitika. Mwana anali wa makilogalamu 4.25. Mutu utatuluka, phewa linakodwa, ndipo panapita mphindi 12 thupi lisanatuluke. M'mphindi zimenezo cingwe ca mcombo cinapanikizika. Mwana anabadwa ndi mkono wopuwala cifukwa ca mitsempha ija, ndipo coposa apo, ubongo wake unapwetekeka posowa mpweya, kotero kuti manja ndi miyendo yonse inakhudzidwa.

Dotolo sanabise cifukwa cimene anakhalira cete, ndipo pa cimeneci ayenera ulemu. Ananena m'khoti kuti ngakhale phewa likodwa kawirikawiri, kubvulala kwakukulu kwa mwana kucitika mwa apo ndi apo: mkono ubvulala pa ana 2 mwa 1,000 otere, ndipo ubongo pa ocepera mmodzi mwa 1,000. Anati ngati akanamauza akazi onse odwala shuga za bvutoli, ambiri akanapempha opareshoni, ndipo m'maganizo mwake opareshoni si yowakomera azimai. Madotolo ena anabwera kudzacitira umboni kuti iwonso akanakhala cete. Potsata muyeso wakale uja, khoti loyamba la ku Edinburgh linakana dandaulo la Mai Montgomery m'caka ca 2010, ndipo khoti la apilo linakananso m'caka ca 2013.

Iwo sanafooke. Anapita ku khoti lalikulu koposa onse a ku Britain, ku London, kumene oweruza 7 anamva mlanduwo, ndipo pa 11 March 2015 onse pamodzi anagamula mokomera mai ndi mwana. Pamenepo nkuti mnyamatayo ali ndi zaka 15. Oweruza anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene zinali zitasanganizidwa kwa zaka zambiri. Kudziwa mankhwala ndi kagwiridwe ka mpeni ndi luso la dotolo, ndipo pamenepo madotolo anzake akhoza kunena ngati anacita bwino. Koma kusankha ngozi imene munthu alola kuti thupi lake likumane nayo si luso la dotolo ai. Mwini thupi ndiye asankha. Cotero dotolo ayenera kuuza wodwala za ngozi iliyonse imene munthu wanzeru wokhala m'malo mwa wodwalayo angaiyese yaikulu, kapena imene dotolo adziwa kuti wodwala ameneyu angaiyese yaikulu, ndiponso kumuuza njira zina zoyenera zimene zilipo. Anati ngozi siyesedwa ndi manambala okha. Ndipo anaonjeza kuti kukodwa kwa phewa pa kokha ndi cinthu coopsa kwa mai, ngakhale mwana atapulumuka bwino. Mai wanzeru aliyense angafune kumva za ngozi yogwera mkazi mmodzi mwa 10.

Panatsala funso lakuti, kodi akanauzidwa, Mai Montgomery akanasankhadi opareshoni? Makhoti oyamba aja anati iai. Koma oweruza a ku London anatenga mau a dotolo mwini wake: iye anakhala cete cifukwa anadziwa kuti mai akamva adzapempha opareshoni. Nanga pafunikanso umboni wina wotani? Ndipo opareshoni ikanacitika, mwana akanabadwa wosabvulala. Mmodzi wa oweruzawo, Lady Hale, anaona kuti mau akuti opareshoni si yowakomera azimai amveka ngati maganizo a dotolo pa za kabalidwe kolemekezeka, osati ciweruzo ca mankhwala cokha, ndipo mai ali ndi ufulu wokhala ndi maganizo akeake. Banjalo linalandira £5,250,000. Omvera asadabwe nazo ndalamazi ndi kuyesa kuti ndiwo mtengo wa mkono. Zinaculuka cotere cifukwa mnyamatayo afunika womsamala moyo wake wonse.

Cigamulo cimeneci cili ndi malire ake. Mai akakomoka, kapena ngozi ikagwa mwadzidzidzi, dotolo sayenera kudikira cilolezo kuti apulumutse moyo. Ndiponso m'caka ca 2023, pa mlandu wina wocokera ku Scotland wochedwa McCulloch, khoti lomwelo linanena kuti kusankha njira zimene zili zoyenera kuzichula kwa wodwala kukhalabe nchito ya nzeru za madotolo. Koma zikapezeka kuti nzoyenera, wodwala auzidwe zonse.

Kodi mlandu wa ku Scotland ukhudza bwanji banja la ku Katete kapena la ku Matero? Ukhudza cifukwa malamulo a Zambia a za kusasamala anacokera ku malamulo a Angelezi. Oweruza a kuno samangidwa ndi zigamulo zatsopano za ku London, koma amaziwerenga ndi kuzilemekeza, ndipo loya akhoza kuziika pamaso pawo. Cotero banja lofuna uphungu lisangofotokoza za usiku wobala wokha. Likumbukire miyezi ya ku sikelo: kodi mai anapimidwa shuga? Kodi anauzidwa kuti mwana ndi wamkulu? Kodi pa mimba yapitayo phewa linakodwa, ndipo azamba anadziwa? Kodi mai anafunsa kanthu, ndipo anayankhidwa ciani? Nthawi zina mlandu uli m'mene muja, osati m'cipinda cobalira.

Makomo ogogodapo alipo angapo, ndipo sapereka zofanana. Loyamba ndi la akulu a cipatala comweco. Makolo alembe kalata yopempha kuti awafotokozere cimene cinacitika, ndi kupemphanso makope a mapepala a mai ndi a mwana. Asunge khadi la ku sikelo, ndipo alembe okha masiku, maora ndi mau amene akumbukira, mutu usanaiwale. Mabanja ambiri safuna ndalama konse, koma kuti wina akhale nawo pansi ndi kuwauza zoona, ndipo cipatala canzeru cicita cimeneco msanga. Khomo laciwiri ndi la mabungwe oyang'anira anchito a zaumoyo: Health Professions Council of Zambia kwa madotolo, ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia kwa anamwino ndi azamba. Awa akhoza kufufuza, kudzudzula, kuimitsa munthu pa nchito ngakhale kumcotsa m'kaundula, koma sindiwo opereka cipukuta misozi.

Cipukuta misozi cicokera ku khoti, kapena pa kugwirizana kwa mbali ziwiri mlandu usanathe. Mlandu wotere si wa pabwalo la amfumu. Waukulu upita ku High Court. Mwini mlandu ndi mwanayo, ndipo popeza sangathe kudzilankhulira, kholo kapena womlera aimirira m'malo mwake. Kawirikawiri woimbidwa mlandu si mzamba yekha, amene alibe cuma cakuti alipire, koma amene anamlemba nchito. Cipatala cikakhala ca Boma, mlandu ulembedwa pa dzina la loya wamkulu wa Boma, Attorney General. Cikakhala ca mishoni kapena ca kampani, ayankha ndi eni ake. Pafunika dotolo wina wodziwa za ubeleki amene adzawerenga mapepala ndi kunena poyera ngati panali kulakwa, ndipo kumpeza si kwapafupi m'dziko limene akatswiri ali ocepa, ophunzira pamodzi ndi odziwana maina. Loya woona mtima amayamba wafuna dotolo ameneyu asanalonjeze kanthu. Wolonjeza mamiliyoni pa tsiku loyamba, mapepala asanawaone, ayenera kukayikiridwa. Banja lidziwenso kuti wogonja m'khoti kawirikawiri alamulidwa kulipira zimene mnzake anaononga pa mlanduwo. Osowa ndalama za loya akhoza kukafunsa ku Legal Aid Board, imene ili ndi maofesi m'matauni akulu, kapena ku National Legal Aid Clinic for Women.

Akulu akale anati mlandu suola. Pabwalo la kumudzi mau amenewa ali oona, pakuti mdzukulu akhoza kulipira mbuzi ya agogo ake. Koma m'khoti la Boma mlandu uola ndithu. Ku Zambia, wofuna cipukuta misozi cifukwa ca kubvulala kwa thupi apatsidwa zaka 3 kuti ayambe mlandu wake. Maiko ena apatsa mwana nthawi yoonjezera: ku England zaka 3 zimenezo ziyamba kuwerengedwa mwana akakwanitsa zaka 18, ku Scotland akakwanitsa 16. Koma kholo la kuno lisatsamire pa ciyembekezo cotere lisanafunse loya, ndipo ngakhale lamulo litalola kucedwa, mapepala amasocera, azamba amasamutsidwa, ndipo amene anaona amaiwala.

Mlandu ukapambana, khoti liwerengera zowawa zimene mwana wamva ndi zimene adzamva, mtengo wa opareshoni ndi wa maulendo opita kwa oongola mfundo, nchito ya amene amsamala, ndi malipiro amene mwanayo adzalephera kupeza atakula cifukwa ca mkono wake. Ngati mbali ziwiri zagwirizana kunja, woweruza ayenera kubvomereza pangano lake, popeza ndi la mwana. Ndalamazo si za atate, si za malume, si zogawana pa cibale monga agawana katundu wa womwalira. Khoti likhoza kulamula kuti zisungidwe, ndi kuti zizitulutsidwa pang'ono pang'ono pa zosowa za mwanayo kufikira atakula ndi kuzilandira yekha.